Kupimitsa autism ndi ADHD mu Lilongwe: mafunso a achinyamata, akuluakulu ndi makolo

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa makolo a ana a ku sekondale, ophunzira a m'makoleji, ndi anthu akuluakulu amene ayamba kudzifunsa ngati ubongo wawo umayenda njira yakeyake. Tayamba ndi zimene aliyense ayenera kudziwa, kenako talowa m'kati mwa kapimidwe kake.

Kodi autism ndi ADHD n'chiyani kwenikweni?

Zonse ziwiri ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuyambira ali wamng'ono. Munthu sadzuka nazo m'mawa, ndipo sizipatsirana.

Munthu wa autism amalumikizana ndi anzake mosiyana ndi anthu ambiri. Mawu okuluwika, nthabwala ndi kuphethirana diso zimatha kumudutsa, ndipo iye amanena za kukhosi mosapsatira. Amakhazikika mtima zinthu zikamayenda m'dongosolo lodziwika. Zikasintha mwadzidzidzi amasokonezeka kwambiri. Amakhala ndi nkhani imodzi kapena ziwiri zimene amazikonda mozama. Phokoso, kuwala, fungo kapena kukhula kwa nsalu pakhungu zimamufika mwamphamvu kuposa ena, nthawi zina mofooka kuposa ena. Pa depoti ya mabasi ku Old Town, pamene oitanira akukuwa, mahutala akulira, utsi wa kanyenya uli tolotolo, anthu ambiri amangodutsa. Iye phokosolo limamupweteka m'thupi mwenimweni, moti akafika kunyumba amafuna kudzitsekera m'chipinda mpaka dzuwa kulowa.

ADHD imakhudza chidwi, kasungidwe ka nthawi ndi kudziletsa. Chidwi chilipo, koma sichimvera mwini wake. Chinthu chikamusangalatsa amamira nacho mpaka kuiwala nsima, koma fomu ya tsamba limodzi imatha mwezi ili patebulo. Amataya makiyi, amaiwala zimene watumidwa kumsika, amadula anzake pakamwa, amachedwa ngakhale anadzuka m'bandakucha. Ena amajijirika thupi lonse, ena amakhala phee pamene maganizo akuthamanga.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti mwana mmodzi pa ana pafupifupi 100 ali ndi autism. ADHD ndi yofala kuposa pamenepo: ana pafupifupi 5 pa 100, ndi akuluakulu pakati pa 2 ndi 3 pa 100.

Si za ana zimenezi? Munthu wa zaka 35 angapimitsenso?

Angapimitse ndithu. Autism inayamba kulembedwa poona ana: Leo Kanner analemba za ana 11 ku America mu 1943, ndipo Hans Asperger analemba za anyamata angapo ku Vienna mu 1944. Chithunzi cha kamnyamata kosalankhula chinakhazikika m'mitu ya anthu, n'kuiwalika kuti ana amakula.

Kuno kwathu palinso china. Amene anayamba sukulu pambuyo pa 1994, pulayimale itakhala yaulere, ambiri anaphunzira m'makalasi a ana oposa 100 pa mphunzitsi mmodzi. Mphunzitsiyo akanazindikira bwanji kamtsikana kokhala pakona, kosasokosa, kongoyang'ana pazenera? Ana otere anakula ndi mayina ena: waulesi, wamwano, wonyada, wopepera, wosamva. Ambiri amabwera kudzapimitsa katundu wa moyo akalemera, monga atapita kusukulu yogonera komweko, atayamba koleji kapena ntchito, atalowa m'banja, kapena mwana wawo atapezeka ndi autism iwo n'kudzionera okha m'mafunso amene a dokotala ankafunsa.

Pali kupima kolemekeza kusiyana kwa ubongo. Kumeneku n'kutani?

Ganizoli limatchedwa neurodiversity. Linafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pakati pa anthu a autism eni ake, ndipo mmodzi mwa amene analitchukitsa ndi Judy Singer wa ku Australia. Mfundo yake ndi yakuti ubongo wa anthu sunapangidwe mofanana, ndipo wosiyana ndi ambiri si wowonongeka.

Ambirife tikukumbukira mwana wamanzere amene ankamenyedwa dzanja pa mphasa kuti azidya ndi lamanja. Anaphunzira ndithu kutema nsima ndi lamanja, koma sanasiye kukhala wamanzere. Anangophunzira kuchita movutikira chinthu chimene akanachita mosavuta. Kupima kwachikale kunkafunsa kuti, "Chalakwika n'chiyani mwa munthuyu, ndipo timuwongole bwanji kuti afanane ndi anzake?" Kupima kumene tikukamba pano kumafunsa kuti, "Ubongo wa munthuyu umagwira bwanji ntchito, chimamulemera n'chiyani, amachita bwino pati, nanga tisinthe chiyani pakhomo, kusukulu ndi kuntchito?"

Mu 2012 katswiri wina wa ku Britain, Damian Milton, amenenso ali ndi autism, anafotokoza kuti kusamvana pakati pa munthu wa autism ndi anthu ena kumachokera mbali zonse ziwiri: iye amavutika kuwerenga ife, nafenso timavutika kuwerenga iye. Wopima amene wamvetsa mfundo imeneyi samuika mlandu wonse munthu mmodzi.

M'chipinda chopimira mudzazindikira kusiyanako pa tinthu ting'onoting'ono. Wopima amalankhula ndi mwini wakeyo, osati kumangofunsa mayi ake ngati iye palibe. Samukakamiza kumuyang'ana m'maso. Akamagwedeza mwendo, kuseweretsa cholembera kapena kuyendayenda, samuletsa, chifukwa ndi mmene amakhazikitsira thupi lake. Amamuuziratu zimene zichitike ndi nthawi imene zitenge. Amalola kupuma, ndiponso kuyankha polemba ngati pakamwa pakulemera.

Izi sizikutanthauza kubisa mavuto. Pali anthu a autism amene salankhula, amene amafuna wowasamalira usana ndi usiku, ndipo pali anthu a ADHD amene ataya ntchito ndi mabanja. Kunena kuti zonsezi ndi mphatso chabe n'kuwalakwira. Mavutowo ayenera kulembedwa momveka, chifukwa thandizo limatsatira zimene zalembedwa.

Mwana wanga wamkazi amakhoza bwino m'kalasi, ndi waulemu, amacheza. Angakhale ndi autism kapena ADHD?

N'zotheka. Nzeru za m'kalasi sizitsutsa chilichonse. Pali anthu a autism ndi a ADHD a nzeru zamitundu yonse. Kwa zaka zambiri anyamata akhala akupezeka ndi autism kuchulukitsa atsikana katatu kapena kanayi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti atsikana ambiri amaphunzira kubisa.

Kubisako kumayenda chonchi. Mtsikana amaonerera anzake n'kuloweza mmene amasekera ndi nthawi imene amasekera. Asanalowe m'nyumba ya azakhali amabwereza mumtima mawu a moni. Pa chinkhoswe kapena pa zikwati amathamangira kukhitchini kukatsuka mbale, anthu n'kumamutama kuti ndi wolimbikira ntchito, pamene iye akuthawa zokuzira mawu. Kusukulu amadzigwira tsiku lonse, koma akangolowa pakhomo amaphulika, kulira kapena kukalipira abale ake, kapena kungogona osadya. Aphunzitsi amati, "Mwana wanuyu alibe vuto." Amayi amati, "Bwanji kunyumba kuno ndi wina?" Onse akunena zoona.

Mwambo wathu umayamikira mtsikana wofatsa, wosayankha akulu, choncho kubisa kotereku kumalandira mphoto m'malo mozindikiridwa. Mtengo wake umadzaoneka mochedwa: kutopa kosatha, nkhawa, kutaya mtima. Wopima wabwino safunsa kokha kuti, "Umatha kucheza?" Amafunsanso kuti, "Ukatha kucheza umamva bwanji, ndipo zimakutengera nthawi yaitali bwanji kuti ubwerere mwakale?"

Achibale akuti analodzedwa, ena akuti bambo ake anakhwimira chuma. Enanso akuti ndi katemera. Zoona zake n'ziti?

Palibe choona pa zonsezi. Kafukufuku wa mapasa ndi mabanja amaonetsa kuti autism ndi ADHD zimayenda kwambiri m'magazi, kuchokera kwa makolo. N'chifukwa chake pofunsa mbiri ya banja kawirikawiri pamatuluka amalume amene ankadziwa galimoto iliyonse ndi nambala yake koma osakhalitsa pagulu, kapena agogo amene ankayamba ntchito zisanu osamaliza ndi imodzi yomwe. Kubadwa masiku asanakwane kapena ndi sikelo yotsika kumawonjezeranso mpata.

Nkhani ya katemera inachokera ku zimene Andrew Wakefield analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1998. Zinapezeka kuti zinali zachinyengo, magaziniyo inazichotsa mu 2010, ndipo iye anachotsedwa m'kaundula wa madokotala ku Britain. Kafukufuku wa ana zikwizikwi kuchokera pamenepo sanapeze mgwirizano pakati pa katemera ndi autism.

Si kulera molekerera, si foni, si shuga. Mphekesera za kukhwima zaphwasula mabanja, ndipo amene amavulala kwambiri ndi mwana amene amamva akulu akunong'onezana za iye. Kupemphera ndi kupimitsa sizitsutsana. Chimene tikukana ndi kumanga, kumenya kapena kusalitsa mwana chakudya poti akutulutsa ziwanda.

Ndipite kuti mu Lilongwe muno, ndipo woyenera kupima ndani?

Njira ya boma imayambira pachipatala chaching'ono cha kwanuko, monga cha ku Area 18, Area 25 kapena Kawale. Fotokozani zimene mukuona, ndipo pemphani kuti akulembereni m'buku lanu la kuchipatala zokutumizani kwa oona za maganizo ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. A St John of God ku Area 43 nawonso amagwira ntchito za umoyo wa maganizo, ndipo mumzinda muno muli akatswiri ena amene amaona anthu molipiritsa.

Amene angatsimikize autism kapena ADHD ndi dokotala wa matenda a maganizo, katswiri wa maganizo wa kuchipatala, kapena dokotala wa ana amene anaphunzira za kakulidwe ka ana. Akatswiri otere alipo ochepa m'dziko muno, ngakhale kuti sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ikuphunzitsa ena, ndiye musadabwe mukauzidwa kudikira. Musachitenso manyazi kufunsa mafunso atatu musanalipire kapena kupatsidwa tsiku: kodi analembetsa ku bungwe loyang'anira madokotala la Medical Council of Malawi, kodi anapimapo achinyamata kapena akuluakulu osati ana aang'ono okha, nanga adzakupatsani lipoti lolembedwa? Mlangizi kapena mphunzitsi angathe kuona zizindikiro ndi kukutumizani, koma kutsimikiza si kwake.

Zimadya ndalama zingati?

Ku zipatala za boma kuonana ndi a dokotala n'kwaulere. Chimene chimadya m'thumba ndi thiransipoti ndi masiku ojomba kuntchito, poti ulendo umodzi sukwana. Kwa olipiritsa, funsani mtengo wa zonse pamodzi, kuphatikizapo lipoti ndi tsiku lokuuzani zotsatira. Ngati muli pa sikimu ya zachipatala ya kuntchito, afunseni kaye ngati amalipira.

Pa tsikulo chimachitika n'chiyani? Amatenga magazi kapena kujambula mutu?

Palibe magazi, sikani kapena makina amene amaonetsa autism kapena ADHD. Magazi akatengedwa, ndiye kuti akufufuza zinthu zina zimene tazitchula pa funso la zofanana nazo m'munsimu.

Phata la kupima ndi kucheza kwautali, kumene kawirikawiri kumatenga maola angapo ogawidwa pa masiku awiri kapena kuposa. Adzafunsa za ubwana: munayamba liti kulankhula, munkasewera ndi ndani, munkasewera bwanji. Adzafunsa za sukulu, ntchito, ndalama, tulo, chakudya, chikondi, mowa ndi chamba. Adzafunsa zimene zimakusangalatsani, ndipo apa musadzigwire. Ngati ndi mpira, nyimbo za kwaya, mapu kapena nkhunda, kambani mmene mumakambira kunyumba. Mukavomera, adzachezanso ndi munthu amene anakudziwani muli mwana. Pamakhalanso mafomu oyankha, ndipo ena amagwiritsa ntchito zida zodziwika zofunsira mafunso ndi kuonerera munthu, monga ADOS-2 ndi ADI-R pa autism, kapena DIVA-5 pa ADHD ya akuluakulu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zimene zimachitika m'mutu mwanu mukakhala pamsonkhano kapena mu minibasi yodzaza palibe wina angazione, ndipo wopima amene sakufuna kuzimva akungopima theka la munthu. Munthu akakuonani mphindi khumi n'kunena kuti, "Mulibe autism, mukundiyang'ana m'maso," kapena, "Simungakhale ndi ADHD, muli ndi digiri," sanakupimeni.

Ndinyamule chiyani?

Buku la kuchipatala, khadi la kusikelo ngati lidakalipo, ndi malipoti akale a kusukulu, makamaka mawu a aphunzitsi a m'munsi mwa magiredi, aja oti amalongolola, sakhazikika, angachite bwino atalimbikira. Lembani mankhwala onse amene mukumwa. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri tsikulo lisanafike, muzilemba m'kope kapena mu foni zitsanzo zenizeni: kuti Lachiwiri munasiya poto pamoto mpaka ndiwo kupserera, kuti Loweruka munatuluka m'tchalitchi chifukwa cha zokuzira mawu. Pamaso pa a dokotala mutu umatha kuima, ndipo kopelo limakuyankhulirani. Ngati pali chinthu chimene chimakukhazikitsani mtima, kaya zotsekera m'makutu kapena kanthu koseweretsa m'manja, tengani.

Makolo anga anamwalira, ndipo ndinakulira m'manja mwa anthu osiyanasiyana. Ndingapimidwebe?

Inde. Anthu ambiri a m'badwo umene unakula m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 analeredwa ndi agogo, azakhali kapena achemwali awo. Aliyense amene anakuonani muli ku pulayimale angathandize, ngakhale pa foni kuchokera kumudzi. Musawafunse kuti, "Kodi ndinali ndi vuto?" chifukwa mwachikondi adzayankha kuti ayi. Funsani kuti, "Agogo, ndili mwana ndinkatani anzanga akamasewera fulaye? Munkanditcha dzina lanji? Ndi chakudya chiti chimene ndinkakana?" Pamenepo nkhani zimatuluka zokha.

Ngati palibiretu wotsala, zimene mukukumbukira nokha zimawerengedwa, pamodzi ndi umboni wa amuna anu, akazi anu kapena mnzanu wakale.

Mafomu amenewa anapangidwa kunja. Amagwira ntchito pa Mmalawi?

Funso limeneli ndi lofunika kwambiri, ndipo tikanakonda opima onse akanamadzifunsa. Zida zambiri zinapangidwa ku America ndi ku Ulaya, m'Chingerezi, poona ana ndi akuluakulu a kumeneko. Zimathandiza, koma zimafuna munthu wodziwa kwathu kuno kuti azimasulire.

Tengani nkhani ya maso. Fomu imafunsa ngati munthu amapewa kuyang'ana anzake m'maso. Koma mwana woleredwa bwino kuno sayang'anitsitsa wamkulu m'maso. Amagwada kapena kunjuta, n'kuyang'ana pansi. Wopima akangolemba kuti sayang'ana m'maso, walakwitsa. Ayenera kufunsa mmene amachitira ndi anzake a msinkhu wake, pa bwalo la mpira kapena ku hositelo. Chimodzimodzi kusayamba nkhani pamaso pa akulu: ndi ulemu, si chizindikiro.

Mwambo womwewo ungathenso kuphimba. Moni wathu uli ndi dongosolo lake lodziwika, "Mwadzuka bwanji? Tadzuka, kaya inu? Kunyumba ali bwanji?" ndipo munthu wa autism amatha kuuloweza bwinobwino n'kuoneka wochezeka pa mphindi zoyamba. Vuto limadzaonekera moni ukatha. Limaonekeranso pamaliro, pamene palibe amene amakuuzani kuti mukhale pati, mukhale nthawi yaitali bwanji, mutsanzike liti, koma aliyense akuyembekeza kuti mukudziwa. Mafunso okhudza maliro, zikwati, apongozi ndi kulandira alendo obwera mosayembekezeka amaulula zambiri za Mmalawi kuposa funso la pafomu lokhudza phwando.

Muli ndi ufulu wopempha kuti kucheza kuchitike m'Chichewa kapena kusakaniza. Funso la pafomu likakhala losamveka, nenani. Musangochonga kuti muthane nazo.

Ndinayankha mafunso pa intaneti ndipo akuti ndili ndi ADHD. Si zokwanira?

Mafomu aafupi monga ASRS ya ADHD kapena AQ-10 ya autism ndi osefera chabe: amasonyeza kuti pakufunika kufufuza, satsimikiza. Mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook athandiza anthu ambiri kudzizindikira, koma amatchulanso zinthu zimene pafupifupi aliyense amachita. Ngati zimene mwaonazo zikukukhudzani, zilembeni m'kope lija n'kupita nazo. Ndipo ngati simungathe kupimitsa panopa, palibe chokuletsani kuyamba kugwiritsa ntchito njira zimene zimathandiza anthu a ADHD kapena a autism, kupatula mankhwala.

Pali zinthu zina zimene zimafanana ndi autism kapena ADHD?

Zilipo, ndipo zina n'zofala kwambiri kuno. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre anaonetsa kuti ana ena amene anachira malungo a muubongo amatsala ndi khunyu kapena kusakhazikika kofanana ndi ADHD, choncho ngati munakomokapo ndi malungo muli mwana, nenani. Pali khunyu lina losagwetsa pansi, limene munthu amangoti ndwii kwa kamphindi, aphunzitsi n'kumati akulota. Kusamva bwino chifukwa cha mafinya a m'khutu, kusaona bwino pa bolodi, kuchepa magazi, vuto la chithokomiro, kupita kusukulu ndi njala, kusagona mokwanira, chamba ndi mowa, zonsezi zimabalalitsa chidwi. Chimodzimodzinso nkhawa, matenda a kutaya mtima, ndi mabala a mumtima a munthu amene anachitiridwa nkhanza kapena kuferedwa.

Chimene wopima amayang'ana ndi nthawi imene zinayamba. Mnyamata amene anali wadongosolo mpaka Fomu 2 n'kusintha bambo ake atamwalira, nkhani yake ndi ina. Komabe zinthuzi zimatha kukhalira limodzi: khunyu, nkhawa ndi kutaya mtima zimapezeka kwambiri mwa anthu a autism kuposa mwa anthu ena, ndipo kupezeka kwa chimodzi sikuchotsa chinzake.

Amatsatira muyezo wanji potsimikiza? Munthu angakhale nazo zonse ziwiri?

Mabuku amene amatsatidwa ndi awiri: DSM-5 ya ku America, imene inatuluka mu 2013, ndi ICD-11 ya WHO, imene inayamba kugwira ntchito mu 2022.

Pa ADHD, DSM-5 ili ndi zizindikiro 9 za kubalalika kwa chidwi ndi 9 za kujijirika ndi kupupuluma. Wosakwana zaka 17 ayenera kukhala ndi 6 za gulu limodzi kapena onse awiri; wa zaka 17 kupita m'tsogolo, 5. Zikhale zatha miyezi 6, zina zinayamba asanakwane zaka 12, zikuoneka m'malo awiri kapena kuposa, ndipo zikusokonezadi moyo. Pa autism, payenera kukhala kusiyana pa mbali zonse zitatu za kulumikizana ndi anthu (kucheza mobwezerana, kulankhula ndi maso, nkhope ndi manja, ndi kupanga ndi kusunga maubwenzi), komanso ziwiri mwa zinayi izi: kubwereza mayendedwe kapena mawu, kufuna kuti zinthu zisasinthe, kukonda chinthu mozama, ndi kumva phokoso, fungo kapena kukhudza mosiyana. Dzina lakuti Asperger, limene kale linkapatsidwa kwa anthu ena a autism ngati gulu lapadera, linalowetsedwa mu autism m'chaka chomwecho cha 2013.

Chisanafike chaka chimenecho, buku la DSM silinkalola kuti munthu mmodzi apezeke ndi zonse ziwiri. Tsopano zikudziwika kuti zimayendera limodzi kawirikawiri. Munthu wotere amalakalaka dongosolo koma amalephera kulisunga, ndipo amatha kudzida chifukwa cha zimenezo. Mukapita kukapimitsa chimodzi, pemphani kuti aganizirenso chinzake.

Mwana wanga wa zaka 15 akukana. Akuti tikumuyesa wamisala. Nditani?

Mantha akewo ndi omveka. Amadziwa zimene anzake amanena akamva za Zomba kapena Bwaila. Musamunamize kuti mukupita kukagula nsapato ku Tsoka. Musamuuzenso pa nthawi ya mkangano, ngati chilango. Pezani nthawi yabata, mwina muli awiri panjira, n'kuyamba ndi zimene iye mwini amadandaula: "Mwanawe, ndimaona mmene umalimbikira kuwerenga koma sizikukhala m'mutu. Sindikuganiza kuti ndiwe waulesi. Pali anthu amene angatithandize kumvetsa chimene chikuchitika. Ukuona bwanji?" Ngati amamasuka kwambiri ndi amalume kapena azakhali ake, apempheni iwowo.

Wosakwana zaka 18 amafuna chilolezo cha kholo kapena womulera, koma kupima munthu wosafuna sikupereka zotsatira zodalirika. Wachinyamata ayenera kupatsidwa nthawi yocheza yekha ndi wopima, ndipo zimene wanena zimasungidwa mwachinsinsi pokhapokha moyo wake kapena wa wina uli pangozi. Akakanabe, siyani khomo lotsekula ndipo yambani kusintha zimene mungathe pakhomo.

Ngati akulankhula zodzipha kapena akudzivulaza, musadikire tsiku lopimira. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nambala yaulere ya 116 imathandizanso pa nkhani za ana ndi achinyamata.

Lipoti labwino limakhala ndi chiyani?

Limanena momveka zimene zapezeka ndi chifukwa chake, zimene munthuyo amachita bwino, zimene zimamulemera, ndi zoyenera kusintha, zolembedwa moti ahedi kapena abwana angathe kuzitsata. Liyenera kukhala loti mwini wake akaliwerenga adzizindikire, osati kuchita manyazi. Mukapezamo zolakwika kapena mawu onyoza, pemphani akonze. Pemphaninso kalata yaifupi yopita kusukulu kapena kuntchito, kuti mbiri yonse ya banja lanu isamayende m'maofesi.

Kodi ndidzapatsidwa mankhwala?

Autism ilibe mankhwala ochiza, ndipo aliyense amene akugulitsa zitsamba, madzi kapena makapisozi pa WhatsApp n'kumati amachotsa autism akukuberani. Mankhwala angaperekedwe pa zinthu zoyendera limodzi nayo, monga khunyu, nkhawa kapena kusowa tulo.

ADHD ili ndi mankhwala amene amathandiza anthu ambiri. Odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene ena amawadziwa ndi dzina lakuti Ritalin, palinso atomoxetine. Methylphenidate ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo, operekedwa ndi kalata ya dokotala yokha, ndipo sapezeka m'famase iliyonse. Musanayambe amayeza kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima ndi sikelo, chifukwa amatha kuchepetsa chilakolako cha chakudya ndi kusokoneza tulo. Osagawana ndi mnzanu pa nthawi ya mayeso. Kumwa kapena kusamwa ndi chisankho chimene mumapanga pamodzi ndi a dokotala, ndipo cholinga chake n'chakuti inuyo muzitha kuchita zimene mukufuna, osati kuti mukhale chete kuti ena apume.

Zotsatira zingathandize bwanji kusukulu ndi kuntchito? Ndiwauze abwana?

Kusukulu, pitani ndi kalata ija kwa ahedi ndipo funsani ngati pali mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu. Zosintha zambiri sizifuna ndalama: kukhala kutsogolo kutali ndi zenera, kupatsidwa malangizo olembedwa, kugawa ntchito yaikulu m'zigawo, kuloledwa kutuluka kwa mphindi zochepa, kuchenjezedwa dongosolo lisanasinthe. Bungwe la MANEB limakonza dongosolo lapadera la olemba mayeso a zosowa zapadera, ndipo pempho limadzera kusukulu, choncho kambiranani ndi ahedi nthawi yolembetsa JCE kapena MSCE isanafike.

Lamulo la anthu olumala la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012 ndi kukhazikitsa bungwe loona za anthu olumala la MACODA, limaletsa tsankho pa maphunziro ndi pa ntchito. Komabe kuulula ndi chisankho chanu. Ena amanena dzina lenilenilo, ena amangopempha chimene akufuna: "Bwana, ndimagwira bwino ntchito mukandilembera zochita m'malo mondiuza pakhonde." Yesani kaye kuona mtima wa malowo, chifukwa mawu akatuluka sabwerera.

Nanga akandiuza kuti ndilibe autism kapena ADHD?

Funsani kuti afotokoze chifukwa chake, ndiponso chimene iwo akuganiza kuti chikuyambitsa mavuto anu, poti mavutowo sanathe chifukwa dzina silinapezeke. Mwina ndi chimodzi mwa zofanana nazo zija, ndipo zambiri mwa izo zimachizika. Mwina muli ndi zizindikiro zina koma zosafika pa muyezo. Njira zothandizira zikhozabe kukugwirirani ntchito. Ngati mukuona kuti sanakumvetsereni, sanafunse za ubwana wanu kapena za kubisa kuja, muli ndi ufulu wokaonana ndi katswiri wina. Tengani lipoti loyambalo ndi kope lanu la zitsanzo, ndipo muuzeni wachiwiriyo mbali zimene mukuona kuti zinasiyidwa.